Kaeriyo ka $24.99 komwe katipulumutsa ku bilu ya kebo kuno ku South Bend

Anthu angapo a kutchalitchi akhala akundifunsa za kaeriyo kamene ndinamata pa windo la pabalaza kwathu, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi aliyense awerenge yekha. Ndi kaeriyo ka m'nyumba kaja kopyapyala ngati chikuto cha kope, mbali imodzi koyera ina kakuda, kali ndi waya wautali pang'ono womwe umalowa kumbuyo kwa TV. Dzina la kampani sinditchula chifukwa m'mashopu akuluakulu tilipo mitundu yambirimbiri ndipo tonse timaoneka ngati tinabadwa kwa mayi mmodzi.

Chomwe chinandipangitsa kugula ndi madam. Tsiku lina atachoka ku shifiti ya usiku anakhala pa tebulo ndi mabilu onse, lendi, magetsi, gasi, inshuwalansi ya galimoto, kenako anakweza m'mwamba pepala la kebo nkundifunsa kuti bambo a ana, matchanelo onsewa amaonera ndani m'nyumba muno? Ine zii. Zoona zake ana amakhalira matabuleti, iwowo amaonera maulaliki ndi nyimbo za kwaya pa YouTube, ine ndi amene ndimafuna TV ndipo ndimayifuna Loweruka lokha kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala, nthawi ya mpira wa chiAmerika wa makoleji. Miyezi ina yonseyo timangodyetsa kampani. Tinadula kebo sabata yomweyo.

Pa shelefu panalembedwa $24.99 koma pa kauntala ndinapereka $26.74, ndipo apa mundilole ndidandaule kaye. Zaka zonsezi ndakhala ku Indiana koma nkhani yoti mtengo wa pa shelefu si umene ulipire imandinyansabe. Kumudzi ukalowa mu shopu VAT amakhala ataiphatikiza kale, chomwe waona ndi chomwecho, kuno ayi 7% ya msonkho imakudikirira pa kauntala ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Chakudya chokaphika kunyumba sadula msonkho, ufa, nkhuku, kabichi, zimenezo bho, koma ukangogula kanthu kamagetsi kapena sopo ndiye walowa. Mnzanga wina amati bwanji osapita ku Niles, ku Michigan ndi 6% ndipo ndi pafupi, ndinamuuza kuti aise ndiwotche petulo chifukwa cha masenti 25?

Kuyika kwake sikovuta, mwana wa sitandade 5 atha. Walumikiza waya, wamata pa windo, wapita pa menyu ya TV nkuuza kuti isake matchanelo, nkudikira mphindi zochepa. Chovuta ndi kupeza malo ake enieni. Poyamba ndinakamata kumbuyo kwa TV kuti kasamaoneke chifukwa madam sakonda mawaya olendewera, zithunzi zinkangoduka mabokosimabokosi. Ndinakasunthira pa windo, m'mwamba pafupi ndi katani, ndi pomwe zinayera. Ndinaseka ndekha chifukwa zinandikumbutsa ku Ndirande TVM itangoyamba mu 1999, eriyo ili pa nsungwi kunja wina akuzungulitsa wina ali m'nyumba kukuwa kuti apo apo, ayi wapitirira, bwerera pang'ono! Ndabwera ulendo wonsewu kudzachitanso zomwezo, kungoti pano wokuwa ndi mwana wanga ndipo akukuwa mchingerezi.

Chomwe timagwira ndi WNDU pa 16 yomwe ndi NBC, WSBT pa 22 ya CBS, ABC 57, Fox, PBS ya ana ndi tina tambiri toonetsa mafilimu akalekale a anthu okwera mahatchi. Kwa ine 16 ndiye nkhani yonse, chifukwa magemu a Notre Dame, timu ya yunivesite ya kuno, akamasewera pakhomo amaonetsedwa pa NBC kuyambira 1991. Chithunzi chake ndi choyera kwambiri, udzu umaoneka bwinobwino ndi manambala a pa jezi, sindinaone kusiyana ndi kebo ija. Ndipo pali kena komwe sindinkayembekezera, eriyo imafulumira kuposa intaneti. Aneba athu amaonera pa apu, ndiye ife timakhala takuwa kale tachidauni iwo nkumadzakuwa pambuyo, mpaka anadzandipempha kuti achimwene muzikuwa motsitsa mukutiwonongera gemu.

Mpira umenewu poyamba ndinkaunyoza heve. Ine ndi wa Bullets kuyambira ndili mwana, ndiye kuona anthu atavala zipewa zachitsulo akugundana ngati nkhosa, kusewera masekondi asanu nkuima kukambirana, ndinkati awa akudwala. Komanso amautcha football pomwe phazi limagunda mpira mwa apo ndi apo. Koma ukakhala ku South Bend sungauthawe. Loweruka la gemu tauni yonse imavala zobiriwira ndi zabuluu, sitediyamu imalowa anthu oposa 77,000, ena amayamba m'mawa kuotcha nyama kumbuyo kwa magalimoto awo pamalo oimikapo magalimoto, misewu yodzadza moti ukakhala ndi shifiti ya masana uyenera kunyamuka msanga. Agogo ena omwe ndinkawasamalira kuntchito ndi amene anandiphunzitsa malamulo, kuti uli ndi mwayi kanayi kuti uyende mayadi 10, ukalephera mpira wapita kwa anzako. Nditangomvetsa zimenezo basi ndinakodwa.

Tsiku lomwe kaeriyoka kanandichimwira ndi pa 7 Seputembala 2024, gemu ya Northern Illinois. Timu yaing'ono imeneyi Notre Dame inachita kuilipira $1.4 miliyoni kuti ibwere idzamenyedwe, mmalo mwake ndi iyo inatimenya 16-14 pakhomo pathu pomwe. Kumapeto kwenikweni tikufuna kumenya kiki yoti tipulumukire, chisamba wathu anaganiza kuti ino ndiye nthawi yabwino yotsegula windo, tepi inamatuka kaeriyo pansi phii, TV yonse bii. Mmene ndimakatola nkukagwira m'mwamba ndi dzanja ngati ndikuitana minibasi, anyamata a Northern Illinois anali akuthamanga kale mgraundi kusangalala, kiki anaitchinga. Madam anaseka mpaka misozi, akuti bola simunaone bambo, BP ikanakwera. Ndiye langizo langa, timatepi tomwe amaika mu bokosimo musatidalire, windo likamazizira ndi kuchita thukuta timamatuka. Gulani tepi yolimba.

Vuto lina si la eriyo koma muyenera kulidziwa musanadule kebo. Si magemu onse omwe ali aulere. Chaka chomwecho gemu ya Louisville anaiika pa apu ya Peacock pokha, yolipira. Yosewera ndi yunivesite ya Indiana ya pa 20 Disembala, yoyamba ya ma playoff a matimu 12 yomwe tinawina 27-17 kuno konkuno kukuzizira koopsa, inali pa ABC ndiye tinaonera bwinobwino tikudya nsima ya nyemba. Koma fainolo ya pa 20 Januwale 2025 ku Atlanta inali pa tchanelo yolipira ya ESPN, kaeriyo sikagwira zimenezo olo ukapempherere. Tinakaonera kwa mlamu wanga, Ohio State nkutimenya 34-23, ndinabwerako ndi njala ndi mkwiyo ngakhale kochi Marcus Freeman ndimamupatsabe ulemu, anatifikitsa patali mnyamata uja.

Zimenezi ndi zomwe zimandipangitsa kuganiza za ndalama za mpira umenewu. Amati ndi ana asukulu koma ndalama zake si zachibwana, makochi amalandira mamiliyoni, kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo mu 2025 khoti linavomereza kuti masukulu azitha kugawira osewera mpaka pafupifupi $20.5 miliyoni pa chaka. Ine za osewerazo sindikutsutsa, mwana akuthyoka mawondo anthu ena akulemera, mpatseni zake. Chomwe chimandiwawa ndi ndikayang'ana pepala langa la malipiro. Boma lalikulu la Federal ladula, za penshoni za Social Security ndi za chipatala za Medicare zadula, Indiana inkadula 3.05% mu 2024, St. Joseph County nayo 1.75%, ovataimu yomwe ndagwira maso ali psuu yathera mnjira. Pomwe mayunivesite akuluakuluwa, poti amawerengedwa kuti si abizinesi, malo awo ophunzirira salipira msonkho wa malo ngati mmene amalipirira landilodi wanga, yemwe amangoukankhira pa lendi yanga. Madam amati ndisamadandaule kwambiri chifukwa ana akuphunzira ulere, basi yachikasu imawatenga pakhomo, sinowo ikagwa usiku mmawa msewu aukokola kale, ndipo Febuluwale akafika timakhala tikudikira rifandi ngati chimanga cha boma. Pamenepo amandigonjetsa, msonkho wa kuno umaoneka komwe wapita, ngakhale maenje a mumsewu mwathu sinowo ikasungunuka amafanana ndithu ndi a ku Chilomoni.

Ndipo pali kalamulo kena komwe ndinamva kwa aneba omwe aja, nditafufuza ndinapeza kuti nzoona. Ukabwereketsa nyumba yomwe umakhala kwa masiku osapitirira 14 pa chaka, ndalama imeneyo bungwe la misonkho la IRS silidula msonkho. Ndiye eni nyumba kuno wikendi ya gemu amasamuka kukagona kwa abale, nyumba nkupatsa alendo obwera kudzaonera mpira pa mtengo wokwera, magemu a pakhomo amakhala 6 kapena 7 basi ndiye masiku amakwanira ndendende. Ife a lendi tingoonerera, mwayi umapita kwa amene ali nazo kale. Ndawauza madam kuti tikadzagula yathu Loweruka lililonse la gemu tizikagona kwa mlamu, anandiyankha kuti mukagone nokha.

Pa 5 ndikapatsa 4. Imodzi ndachotsa chifukwa cha tepi ija ndi waya womwe ukanatalikirako pang'ono, komanso kukachita mphepo yamkuntho 57 imadukaduka pomwe 16 siigwedezeka. Ngati mumakhala chipinda chapansi penipeni kapena kutali ndi tauni sungani risiti, mwina mungafune yaikulu ya padenga. Amene mumafuna Premier League dziwani kuti NBC imaonetsako gemu imodzi imodzi pa wikendi, zambiri zili kolipira, ndiye musadzandiimbe foni kuti ndinakunamizani. Kathu kakadali pa windo pomwepo ndi tepi yakuda ya mapaipi, madam aphimbako ndi katani kuti alendo asamaone.