Mafuta a helikoputa ya rimoti ndi a galimoto ya rimoti: kusiyana kuli pa oyilo

Zigubu ziwiri zitha kulembedwa 20% chimodzimodzi, china chojambulidwa helikoputa, china galimoto, munthu n'kumati ndi mafuta amodzi. Nambala imeneyo ikungonena kuchuluka kwa nitromethane. Chopulumutsa injini kapena kuipha ndi nambala ina, ya oyilo, yomwe imalembedwa ting'onoting'ono kumbuyo, ndipo makampani ena sailemba n'komwe.

Mafuta onse a nitro (chidule cha nitromethane) ndi msakanizo wa zinthu zitatu: methanol amene amayaka, nitromethane amene amawonjezera mphamvu, ndi oyilo. Tiinjini timeneti tilibe posungira oyilo. Pisitoni ndi ma bearing zimanyowa ndi oyilo yekhayo wodutsa limodzi ndi mafuta. A galimoto amakhala ndi oyilo wa 8 mpaka 12%, ena 14 kapena 16% opangira anthu ongosewera osati a mpikisano. A helikoputa amakhala ndi 18 mpaka 23%.

Kusiyanaku kumachokera ku ntchito ya injini. Ya galimoto, kaya ndi ya saizi .21 ya mu buggy (kagalimoto kothamanga m'fumbi) kapena TRX 3.3 ya kampani ya Traxxas, imazungulira maulendo opitirira 30,000 pa mphindi, komano kwa masekondi ochepa; pakona imapuma, ndipo mutu wake waukulu uli poyera, mphepo ikuuwomba. Oyilo akachuluka imalephera kudzuka msanga, imatsamwa ikaima, n'chifukwa chake amamuchepetsa. Ya helikoputa, monga O.S. 50 kapena 91, sipuma. Imakoka mapiko pa liwiro limodzi, iyo ikuzungulira maulendo cha m'ma 15,000 mpaka 18,000 pa mphindi, kuchokera ponyamuka mpaka potera, itabisika m'kati, ikudalira kafani kamodzi. Oyilo wotuluka ndi utsi uja amanyamula kutentha kwambiri. Helikoputa yosafuka utsi woyera wochuluka ili pangozi.

Funso lomwe limavuta kuno ku Kasungu n'lakuti chigubu chimodzi chingatumikire zonse ziwiri? Mafutawa sapezeka m'tauni muno, ndipo poti ndi oyaka, salowa m'chikwama cha munthu wokwera ndege. Amadzera pamsewu, nthawi zambiri kuchokera ku South Africa. Yankho lili mbali imodzi. Mafuta a helikoputa m'galimoto mungathire: itaya kanyonga, ithimbirira ndi oyilo, mudzafunika kusintha pang'ono singano ya kabureta (yoyeza mafuta olowa mu injini), koma palibe chingafe. Mafuta a galimoto mu helikoputa, ayi. Ndi oyilo wa 10% injini imatentha, ring (mphete ya pisitoni) ndi pisitoni zimakanda m'mbali, ndipo ikazima imazimira m'mwamba. Galimoto ikazima mumangopita kukaitenga. Helikoputa mumakatolera mapiko othyoka.

Mukakakamizika, onjezerani oyilo. Mu lita imodzi ya mafuta a oyilo wa 10%, thirani mamililita 100 ndipo mufika pa 18%. Nitro wa 20% atsikira cha pa 18%. Komatu si oyilo aliyense. Wa m'galimoto zenizeni ndi wa njinga zamoto sasungunuka mu methanol, amangodikha pansi. Osungunuka ndi wa nsatsi ndi wa synthetic wopangira mafuta amenewa.

Pakati pa awiriwa, wa nsatsi ndiye woteteza injini ikatentha mopitirira: sapsa msanga, amakanirira pachitsulo, amatchinjirizanso dzimbiri. Kuipa kwake amasiya utomoni wofiirira, umene m'kupita kwa nthawi umamata ring ya injini ya helikoputa. Wa synthetic ndi waukhondo ndi wopepuka, koma kutentha kukafika poipa amapsa n'kusiya chitsulo pambalambanda. Chotero ku helikoputa synthetic azichuluka, pomwe ku galimoto yothamanga pa fumbi la Okutobala msakanizo wokhala ndi nsatsi pang'ono ndiye wabwino. Nsatsi imamera paliponse kuno, koma mafuta ofinya pakhomo amakhala ndi utomoni ndi madzi. Ofunika ndi oyengedwa.

Za nitro anthu amazikuza kuposa muyeso. Kuti methanol ayake bwino amafuna mpweya wolemera pafupifupi ka 6.4 kuposa iye, pomwe nitromethane amangofuna ka 1.7 chifukwa amabwera ndi okosijeni wakewake. Kasungu ali pamtunda woposa mamita 1,000, mpweya ndi wopepukirako, ndiye nitro amathandizadi. Komabe 16 kapena 20% akwanira galimoto yosewerera, 15 kapena 20% akwanira wophunzira kuimitsa helikoputa m'malere. 30% ndi wa ochita mipikisano ndi otembenuza helikoputa chadodolido; amadula, ndipo thanki imatha msanga poti singano imafuna kutsegulidwa kwambiri. Mukakweza nitro, sinthani pulagi (glow plug, yoyatsa mafuta ndi kawaya kofiira moto): yotentha ndi ya nitro wochepa, yozizira ndi ya 25 mpaka 30%, ndipo O.S. No. 8 imakhala pakati. Pulagi yotentha pa 30% imayatsa mafuta nthawi isanakwane, kawaya kake kamapindika kapena kuduka, mwinanso pisitoni n'kuboola. Mukasintha mafuta alionse, tsegulani kaye singano kota ya mzungulo, kenako muzitseka pang'onopang'ono. Mutu wa injini ya galimoto uzikhala cha pa 100 mpaka 120 °C.

Petulo wa pa filling station ndi wa banja lina. Mu injini ya nitro sagwira, chifukwa kawaya ka platinum ka m'pulagi kamakhalabe kofiira pokhapokha pakumana ndi methanol, komanso petulo amatupitsa timapaipi ta silicone. Ngakhale sipiriti wofiirira wa m'sitolo salowa m'malo mwa methanol. Petulo ndi wa galimoto za rimoti zikuluzikulu za 1/5 ya kukula kwa galimoto yeniyeni, monga HPI Baja 5B, zokhala ndi spark plug. Zimenezo zimamwa petulo wosakaniza ndi oyilo wa 2T pa 25:1, kutanthauza mamililita 40 pa lita. Kwa amene sanagule kalikonse ndipo akufuna galimoto basi, iyi ndiyo njira yosavutitsa kuno, ngakhale mtengo wogulira ndi wokwera. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, choncho musamugoneke m'thanki kwa masabata.

Methanol amakoka madzi a mumpweya, makamaka m'dzinja. Chigubu chizitsekedwa mukangopopa, chizikhala pathabwa pamthunzi, kutali ndi moto ndi ana, popeza methanol ndi poizoni wochititsa khungu. Mafuta olowa madzi amadziwika: injini imalira bwino choyatsira pulagi chikadali pomwepo, mukangochichotsa imazima. Mukamaliza kusewera, khuthulani thanki, lizani injini mpaka izime yokha, ndipo donthezerani madontho asanu kapena asanu ndi limodzi a after-run oil (oyilo woteteza injini ku dzimbiri ikamaliza ntchito) m'kabureta, n'kuipukusa kangapo kuti afike ku ma bearing.