Abusa, a Home Affairs kapena aganyu: womangitsa ukwati weniweni kuno ku Joni ndi uti?

Abale ndatopa kuyankha funso limodzimodzi pa WhatsApp, aliyense akafuna kukwatira akuti funsani mayi uja anapsa kale, ndiye ndalemba kamodzi basi muzitumizirana. Amene angakumangitseni ukwati kuno ku South Africa alipo magulu atatu, ndipo ine awiri ndinadutsamo ndekha, lachitatulo ndinaonera kwa mphwanga.

Ndiyambe ndi amene anandilumawo. Amuna anga ndi akuno, a ku Limpopo, ine wa ku Dedza. Tinachita ukwati woyera mu katchalitchi kena kathu ka Amalawi kosonkhana mu holo ya renti, abusa ake tinkawakhulupirira kwambiri moti anatiphunzitsa za banja masabata anayi, tinawapatsa R3,500 ya chithokozo kuphatikiza suti imene amfumu, amuna angawo, anawagulira. Tsikulo zinali bho, kwaya, pelekanipelekani, ndipo anatipatsa setifiketi yokongola yamaluwa m'mbali yokhala ndi chidindo cha mpingo, ine mpaka kuiika mu fulemu pa khoma. Patatha zaka ziwiri ndikufuna kukonza mapepala okhalira kuno ngati mkazi wa nzika, a Home Affairs, nthambi ya boma yoona za ma ID, maukwati ndi mapepala okhalira kuno, akuyang'ana mu kompyuta akuti bambo awa ndi osakwatira. Ndinaseka kaye poganiza kuti alakwitsa nambala ya ID. Ayi ndithu, pamaso pa boma ine ndinali chibwenzi chabe, ndili ndi mwana kumsana.

Apa ndi pamene ambirife timagwa. Kuno kukhala m'busa si chilolezo chomangitsa ukwati. Lamulo lawo la maukwati la 1961 limati m'busayo akhale marriage officer, kutanthauza kuti akuluakulu a mpingo wake amulembere kalata yomupempherera ku Home Affairs, iye awerenge lamulolo, alembe mayeso, akakhoza ndiye amupatsa kalata yomuvomereza. Wopanda zimenezo angakudalitseni mpaka thukuta koma ukwati wa boma palibe. Abusa athu aja nditawafunsa anangoti mwana wanga, kumwamba zinalembedwa. Kumwamba inde, nanga visa ndikaitenga kumwamba? Chimandiwawa mpaka lero n'choti ankadziwa, chifukwa sitinali oyamba ife, ndinamva pambuyo pake kuti mabanja ena awiri mumpingo momwemo anaona zomwezi n'kungokhala chete poopa manyazi. Akanangonena poyera kuti ine ndimangodalitsa, kusaina mukasainire kwina, bwenzi ndikuwalemekezabe.

Timapusitsika chifukwa cha kumudzi. Kwathu tinazolowera kuti ukalengezedwa ku CCAP kapena ku Katolika, ankhoswe alipo, nkhani yatha, ndipo lamulo la Malawi la 2015 limavomereza ukwati wa chipembedzo ndi wa chikhalidwe omwe. Ndiye timabwera ndi nzeru yomweyo kuno n'kuiwala kuti timipingo tina tinayamba dzana m'galaja. Si abusa onse ayi, a mipingo yokhazikika ambiri chilolezo ali nacho, ndipo mukapeza wotere ndiye mwapha zonse tsiku limodzi, pemphero ndi boma lomwe. Kungoti funsani, osachita manyazi, muone kalatayo ndi maso anu. Ndipo pa tsikulo pazikhala kaundula wa boma uja amati DHA-30, mboni ziwiri zisaine, inu mudinde chala, zithunzi zanu zimatidwe. Ngati palibe kudinda chala dziwani kuti mwangodya keke.

Gulu lachiwiri ndi a Home Affairs enieniwo, kumene ife tinakakonzera zathu. Kumangitsa ukwati mu ofesi mwawo nkwaulere, amene akumangitsayo ndi wantchito wa boma ndiye za chilolezo simudandaula, zimalowa mu kompyuta momwemo. Chisangalalo musayembekezere, kachipinda, tebulo, mphindi zochepa mwatuluka, ine ndinavala chabe diresi ya ku tchalitchi mboni zathu n'kuthamangira ku ntchito. Koma kwa ife obwera konzekani, pamafunika pasipoti yosatha ndi chilolezo chokhalira kuno, kalata yochokera kumudzi yotsimikiza kuti mulibe banja lina, ndipo ngati mukukwatirana ndi nzika mumayamba mwakumana ndi a imigireshoni kukufunsani mafunso kuti aone ngati si ukwati wogula mapepala. Kalata ya kumudziyo ndi imene imadya nthawi, yambani nayo kale kale musanagule ngakhale mphete.

Achitatu ndi awa ndimawatcha aganyu, ma marriage officer amene amadzitsatsa pa intaneti, mumawalipira abwere ku gadeni kapena ku holo kwanu. Mphwanga anatenga wotere, mzimayi wachizungu, anafika nthawi yake, mafomu onse m'chikwama, anawauziratu mndandanda wa zofunika mwezi usanakwane. Ndalama zimapita ndithu ndipo mufunsiretu ngati mtengowo ukuphatikiza thiransipoti ndi kukapereka kaundula ku ofesi, ena amawerengera padera. Ulaliki wake unali wozizira ngati phala la dzulo, azakhali athu anadandaula kuti ukwati wanji wopanda malangizo, koma pepala linali lenileni.

China chimene abusa athu aja sanatchule n'komwe m'masabata anayi onse, koma wa mphwanga anachinena tsiku loyamba, ndi nkhani ya katundu. Kuno mukangosaina osapangana kanthu, zonse zanu zimakhala za pamodzi, nyumba, galimoto, ngongole zomwe, ngakhale imene mnzanuyo anatenga musanadziwane. Ngati simukufuna zimenezo mumapita kwa loya amene ndi notary, wovomerezeka kutsimikizira mapangano otere, ukwati usanachitike kukalemba pangano limene amalitchula mwachidule kuti ANC, osati chipani chija ayi. Mukachedwa kusintha kwake mpaka ku High Court, ndipo ndalama zake si zamasewera. Apa ndi pamene ndinaonera kusiyana kwa munthu amene anawerenga lamulo n'kulemba mayeso ndi munthu amene anangogula kolala.

Za lobola ndi ukwati wa chikhalidwe zili ndi lamulo lake la 1998, mumakalembetsa pasanathe miyezi itatu, koma izo sindinadutsemo ndiye ndisakunamizeni.

Ndiye ine mukandifunsa, pitani ku Home Affairs kaye mukasaine mwakachetechete, Loweruka lake abusa anu amene mumawakonda adzadalitse, kaya ali ndi chilolezo kaya alibe sizikukhudzaninso. Ngati thumba lilipo tengani waganyu. Mwina ndikulankhula ndi mkwiyo, amfumu amati ndikhululuke, koma suti ija ndimaionabe pa Facebook Lamlungu lililonse, ndipo fulemu ija ndinachotsamo setifiketi n'kuikamo chithunzi cha mwana.