Loko ya chala, ya pa foni, kapena kiyi wathu wakale uja?

Ndagwiritsapo ntchito maloko amakonowa mitundu iwiri, ndiye amene mukuganiza zogula imvani kaye zomwe ndaona.

Yoyamba ndi ija yodinda chala kapena kulemba pini, yosafuna intaneti. Imayendera mabatire a AA, zambiri anayi, ndiye magetsi akathima iyo ilibe nazo ntchito. Ana akaweruka kusukulu amangolowa, zobisa kiyi pansi pa mwala kapena kusiya kwa aneba zinatha. Vuto lake ndi chala chonyowa, munthu ukangochoka kochapa imakukana kangapo, komanso agogo amene zala zawo zinaperepeseka ndi khasu nthawi zina siiwazindikira nkomwe, amenewo apatseni pini basi. Mabatire akakutherani muli panja zambiri zili ndi polowetsa USB kapena pogunditsa batire ya 9V, pawabanki ikupulumutsani, komabe chonde musagule yopanda bowo la kiyi wamba.

Inayo ndi yolumikiza ku Wi-Fi ndi app, monga za makampani a August ndi Nuki, zina za Yale, kapena zotchipa zaku China zoyendera ma app a Tuya ndi TTLock. Kukoma kwake ndikosakanika, muli ku Joni mutha kumutsegulira m'bale wanu ku Lilongwe, kapena kumupatsa pulambala pini yogwira tsiku limodzi lokha. Koma rauta ikazima zotsegula uli kutalizo zimathera pompo, umatsala ndi Bluetooth uli pakhomo pomwepo, ndipo ya Wi-Fi imadya mabatire mwachangu. Chinanso loko imeneyi imadalira kampani yomwe simudzaiona. Mu 2017 kampani ya LockState ku America inatumiza update (pulogalamu yatsopano ya mu loko) yolakwika, maloko pafupifupi 500 nkusiya kugwira, ena mwa iwo anali a nyumba zochititsa lendi kwa alendo kudzera pa Airbnb. Mu 2018 akatswiri a zachitetezo cha makompyuta a kampani ya Pen Test Partners ku UK anaonetsa kuti loko ya Tapplock inkatha kutsegulidwa ndi munthu aliyense wodziwa adilesi yake ya Bluetooth, yomwe lokoyo inkaulutsa yokha.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi zachinsinsi. App ija imalemba kuti uje walowa 11 koloko usiku, uje watuluka mamawa, ndipo amene ali admin, woyang'anira akaunti ya lokoyo, amaona zonse pa foni pake. Mnyumba momwe muli kale kukaikirana loko imasanduka mlonda wa munthu mmodzi wolondalonda mnzake, ndipo wantchito wapakhomo amawerengedwa mphindi iliyonse osauzidwa. Amene muli pa lendi funsitsitsani landilodi ngati akaunti yatsala mmanja mwake, chifukwa ngati ili kwa iye ndiye kuti akudziwa nthawi yomwe nyumba ilibe munthu. Pini ikaululika mumasintha, chala simungasinthe, ndiye funsaninso wogulitsa ngati zala zikusungidwa mu loko momwemo kapena zikupita kwina.

Kiyi wakale uja alibe batire alibe app, koma akatayika kapena wina akakadulitsa kope kumsika simudziwa mpaka zitachitika.

Ine ndinakhazikika pa ya pini ndi chala yopanda intaneti, kiyi wake wapadera ndinasungitsa kwa achemwali anga. Ndisanaiike ndinayamba ndaitana kalipentala alimbitse felemu komanso wowotcherera aike chitseko chachitsulo kunja, poti akuba akuno sabwera ndi laputopu, amabwera ndi chitsulo chokanulira ndipo felemu yofooka imagonja loko ikadali yokhoma.