Tiramu Kapena Mabasi Opita ku Bwalo la Ndege?

Bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe lili makilomita pafupifupi 15 kum'mwera kwa tauni ya Harare, koma wachibale akatera kuchokera ku Malawi, ife a ku Mabvuku, dera la kum'mawa kwa Harare, timangodalira takisi yodula.

Ena akuti pakhale tiramu, sitima yoyenda mumsewu. Imanyamula anthu ambiri, situlutsa utsi. Koma Harare ilibe njanji yotere ngakhale imodzi, ndipo tiramu imayendera magetsi, omwe amazimazima madzi akachepa ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi. Nkhani ya njanji yopita ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi Harare, tinayamba kuimva kalekale, mpaka lero kulibe.

Mabasi angayambe mawa lomwe pamsewu wa Joshua Nkomo wopita ku bwalo la ndege, womwe unakulitsidwa kale. Magalimoto akathinana amachedwa, inde, komabe ine ndikufuna basi yonyamuka pa nthawi yake, yokhala ndi malo oika katundu.