Laputopu yolembera ndalama za sitolo: mmene yagwirira ntchito kuchokera dzinja mpaka kukolola

Nditangoyamba kulemba ndalama za sitolo yathu ya ku Ulongwe pa laputopu, ndinalonjeza kuti ndidzabweranso kudzanena ngati ndi yothandizadi, poti anzanga ambiri a ntchito imeneyi kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, amafuna kudziwa asanapemphe abwana awo kuti awagulire. Tsopano yadutsa nyengo zonse ziwiri zothina: yogulitsa fetereza ndi mbewu mvula ikamayamba, ndi yokolola, alimi akamabwera kudzabweza ngongole. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, abwana anaigula ku Tete, ndipo ine ndimalembera mu Excel basi.

Pa ntchito za pamwezi ndilibe dandaulo. Kale tsiku la 10 la mwezi, lomaliza kulipira, likamayandikira ndinkachezera kuwerengera za INSS (thumba la boma la penshoni ndi chithandizo cha antchito) za wantchito aliyense, 3 peresenti yodula pa malipiro ake ndi 4 peresenti yomwe abwana amawonjezera. Lero ndimangolowetsa malipiro, zotsalazo zimadziwerengera zokha. IRPS, msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza, ya amene malipiro awo amafika podulidwa msonkho imakhala itakonzeka tsiku la 20 lisanakwane. IVA, msonkho wa pa katundu wogulitsidwa, yomwe ili pa 16 peresenti chiyambire Januwale 2023, inkandidyera nthawi polekanitsa katundu wokhomeredwa msonkho ndi wosakhomeredwa, monga ufa wa chimanga ndi mpunga. Ndinaika chizindikiro pa katundu aliyense kamodzi kokha, ndipo kuyambira pamenepo akontabilista (akatswiri owerengera ndalama) amene amasainira mapepala opita ku Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho, sanandibwezereponso kanthu.

Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku sinachepe mmene ena amaganizira. Madzulo alionse, chitseko chikatsekedwa, ndimakhalabe pansi ndi wogulitsa, kuwerenga ndalama za mu kaisha (bokosi la ndalama) ndi manja, za 1000 pazokha, za 500 pazokha, mpaka tasiliva. Kenako zotumizidwa pa foni, za M-Pesa, kenako za e-Mola, uthenga umodziumodzi, chifukwa alipo ogula amene amaonetsa foni kuti atumiza pamene ndalama sinalowe. Palinso makwacha a abale athu ochokera ku Dedza olowera pa Calómuè. Chichitikireni zija za mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndimalemba mtengo wosinthira wa tsiku lomwelo pambali pa kwacha iliyonse yolowa, ndipo laputopu imaisandutsa meticais. Apa yandithandiza ndithu.

Chimene singathe n'kulondola mapepala. Dalaivala akabwera kuchokera ku Tete ndimamudikirira pakhomo. "Achimwene, fatura ya mafuta ili kuti?" Iye amati, "Achemwali, ili m'galimoto, ndibweretsa mawa." Mawalo faturayo, lomwe ndi lisiti lovomerezeka, ikabwera imakhala yopindikapindika, nthawi zina ilibe NUIT (nambala ya msonkho) ya sitolo, ndipo fatura yotero IVA yake sitingaichotsere. Ndalama zimatayikira pamenepa, pang'onopang'ono ngati madzi a mu ndowa yobooka, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa ndimadziwa mmene zimavutira kupeza.

Nkhani yaikulu ndi ya ngongole za alimi. Poyamba abwana anati tisiye buku lakale lija la chikuto cholimba, zonse zizikhala mu kompyuta. Ine ndinapempha kuti likhalebe, ndipo nthawi yokolola inasonyeza chifukwa chake. Alimi a mbatatesi ochokera ku Tsangano ndi ku Dómuè amatenga matumba a fetereza mvula ikamayamba, n'kudzalipira atagulitsa. Pakadutsa miyezi yonseyo munthu amaiwala ngati anatenga matumba atatu kapena anayi, osati mwachinyengo ayi, kungoti mavuto a kumunda ndi ambiri. Agogo ena nditawatembenuzira laputopu kuti aone okha, sanayang'aneko n'komwe. Anati, "Mwana wanga, undionetse pomwe ndinadinda chala." Nditatsegula buku, anaona chala chawo ndi dzina la mboni yawo, analipira popanda mkangano, ndipo tinasiyana mwaulemu. Nambala ya pa kompyuta aliyense angathe kuisintha usiku, ndipo mlimi amadziwa zimenezo. Ndiye ngongole iliyonse ndimailemba kawiri, m'buku mlimi ali pompo, mu Excel madzulo. Ndi ntchito yowonjezera, koma sindingaisiye.

Zofooka zake zilipo. Batire latha mphamvu, silipiriranso ngati poyamba, ndipo m'dzinja magetsi akazima ndimabwerera ku cholembera. Fumbi la fetereza ndi simenti linalowa m'mabatani mpaka ena anayamba kulimba, choncho ndinaisokera kansalu kovindikira. Loweruka lililonse ndimakopera zonse mu fulashi n'kupita nayo kunyumba, poopa akuba ndi moto.

Kwa amene ali ndi antchito olembetsedwa ku INSS ndipo amalipira IVA mwezi ndi mwezi, ndikuti gulani, ngakhale yakale ngati yathuyi, bola muyese batire musanapereke ndalama. Wa kagolosale kakang'ono, yemwe amagulitsa yekha, ndalamazo angachite bwino kuwonjezera katundu, buku la kaisha lolembedwa tsiku lililonse likumukwanira. Ife chotsatira ndi batire latsopano, ndipo ndawauza kale abwana kuti lipezeke alimi asanayambenso kubwera kudzatenga fetereza.