Kulemba wilo kapena kuuza abale pakamwa?

Munthu amene akufuna kudzaikidwa kumudzi kwawo, kapena amene sakufuna kuti maliro ake adzasiye banja pangongole, angadziwitse abale m'njira ziwiri: kulemba wilo, kapena kuitanitsa akubanja n'kuwauza pakamwa.

Pankhani ya ndalama, kuuza pakamwa n'kwaulere, pomwe wilo yolembetsa kwa loya imalipiridwa, ngakhale kuti munthu angathe kulemba yekha, malinga asaine pamaso pa mboni ziwiri.

Pankhani ya kulimba, wilo ndiyo yodalirika. Mawu apakamwa amaiwalika kapena kupotozedwa, makamaka akuchimuna ndi akuchikazi akayamba kulimbirana mtembo, koma wilo imatetezedwa ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwenso limaletsa kulanda katundu wa amasiye.

Komabe wilo imachedwa, chifukwa kawirikawiri imawerengedwa mwambo utatha, bokosi litagulidwa kale ndiponso adzukulu atakwirira manda. Pamenepa malangizo onena za tchalitchi, nyimbo ndi malo oikidwa amakhala opanda ntchito.

Amene ali ndi nyumba, galimoto kapena ana aang'ono ayenera kulemba wilo. Amene nkhawa yake ili pa mwambo wokha, auziretu mwinimbumba ndi mnzake wapabanja ali pamodzi.