Buku la Elliot patatha miyezi 8 lili m'nyumba mwathu

Mu Januwale ndinalemba mawu ochepa kuti Who Let the Gods Out? la Maz Evans ndi buku loseketsa ndipo mwana wanga wa zaka 10 walikonda. Tsopano tili mu Sepitembala. Chikuto chake chinapindika, tsamba lina lili ndi banga la tiyi, ndipo mnyamatayo waliwerenga katatu. Ine ndaliwerenga kawiri, kachiwiriko m'basi popita ku shifiti ya usiku. Zomwe ndinalemba zija sizinali zabodza, koma ndinangolawa msuzi, nyama ndisanaifike.

Kwa amene simunalione: linatuluka mu 2017 ku kampani yosindikiza mabuku ya Chicken House, ndipo ndi loyamba pa mabuku 4 a nkhani imodzi. Elliot Hooper ndi mnyamata wa zaka 12 amene amakhala ndi amayi ake, a Josie, pa famu pafupi ndi Stonehenge, miyala ikuluikulu yakalekale ya ku Wiltshire ku England. Ngongole yawapanikiza, ndipo mayi woyandikana nawo, Patricia Porshley-Plum, akuumezera mate malowo. Usiku wina Virgo, mtsikana wochokera ku nyenyezi, akugwera m'khola la ng'ombe, kenako awiriwa akumasula mosadziwa Thanatos, chiwanda cha imfa chomwe chinatsekeredwa pansi pa miyala ya Stonehenge. Apo ndiye pakubwera milungu ya Agiriki, Zeus, Hermes, Athene ndi Aphrodite, kudzathandiza, ngakhale nthawi zambiri amangowonjezera chipwirikiti.

Poyamba ndinkakayika. Ndinakulira mu Sande sukulu, ndipo mawu oti milungu pachikuto cha buku la mwana sanandikhalire bwino. Koma milungu ya m'bukuli palibe angaipembedze. Zeus ndi mdala wokonda maukwati ngati malume ena amene tonse timawadziwa, Hermes amangoganiza za zovala, ndipo Athene ndi Aphrodite amakangana ngati ana a mitala.

Nthabwala zimenezi ndi zomwe zinayamba kusukuluka. Ulendo woyamba mwana wanga anaseka mpaka kutsamwa pamalo pomwe Mfumukazi ya ku England ikumenya nkhondo ngati katswiri wa karate. Ulendo wachitatu anangopitirira. Mphunzitsi wankhanza, Mr Boil, ndi woipa mopyola muyezo moti sumukhulupirira kuti ndi munthu, ndipo pakati pa buku milungu imachuluka ngati alendo a pa chinkhoswe. Nthabwala zina ndi za Angelezi okhaokha. Mwana wa ku Zomba kapena ku Chipata angafune wina womufotokozera, komanso Chingelezi chake si cha ongoyamba kumene.

Chomwe sichinasukuluke ndi a Josie. Mutu wawo ukuzimirira pang'onopang'ono. Amaiwala, amasochera, ndipo Elliot ndi amene amaphika, kuwagoneka ndi kubisa makalata a ngongole. Sauza munthu aliyense, kuopa kuti akuluakulu akadziwa awalekanitsa. Ine ntchito yanga kuno ku Britain ndi yosamalira okalamba, ambiri a iwo odwala dementia, matenda a ubongo oiwalitsa zinthu, ndiye ndikudziwa pomwe wolemba akunama ndi pomwe waona ndi maso. Apa sananame. Matendawa sabwera tsiku limodzi. M'mawa munthu ali bwinobwino, akukufunsa za ana ako, madzulo akufunafuna amuna ake amene anamwalira kalekale. Ndipo wowasamalira amatopa, amakalipa, kenako n'kudziimba mlandu. Elliot nayenso amatero, si mngelo.

Mu Meyi tinaimbira foni kumudzi pa WhatsApp. Amayi anga anamuyang'anitsitsa mdzukulu wawo n'kumutchula dzina la mchimwene wanga amene tinamuika m'manda zaka zapitazo. Foni itatha mwanayo ananditsatira kukhitchini, ndikuvundula nsima, naima chete kanthawi.

"Amayi, kodi Agogo ali ngati mayi ake a Elliot?"

Ndinali ndisanamuuze chilichonse. Ndinkati ndi mwana. Ndinazimitsa moto, tinakhala pansi, ndipo nsima ya tsiku limenelo inali ya mibulu. Ndinamuuzanso chimene chimandisowetsa tulo: kuti kwathu nkhalamba ikayamba kuyankhula zosokonekera kapena kuyenda usiku, pali anthu amene amathamangira kunena kuti ndi mfiti, pomwe ndi ubongo umene ukudwala. Anandifunsa kuti amene amawaphikira Agogo ndani. Ndinati msuweni wake, mtsikana wa Fomu 2. Anawerengera zaka pa zala, napeza kuti amuposa Elliot pang'ono chabe.

Bukuli linamutumanso ku laibulale kukafuna nthano zenizeni za Agiriki. Anabwerako atakwiya pang'ono. Anati Thanatos m'nthano zakalezo si chigawenga chofuna kulanda dziko, ndi Imfa chabe yogwira ntchito yake, mwana wa Nyx amene ndi Usiku, ndipo ndi mapasa ndi Hypnos amene ndi Tulo. Anapezanso kuti mfumu ina, Sisyphus, inamumangapo maunyolo mpaka anthu analeka kufa. "Ndiye kuti mayi Evans anasintha nkhani?" Ndinamuuza kuti agogo ake aamuna ankasinthanso nthano ya Kalulu usiku uliwonse, palibe anawaimba mlandu.

Mwana wosakwana zaka 9 sindingamupatse yekha, makamaka ngati m'nyumba muli matenda. Wamkulupo mupatseni, koma muwerengeko nanunso, chifukwa mafunso adzabwera inu muli ndi mthiko m'manja. Buku lachiwiri, Simply the Quest, tinabwereka ku laibulale ndipo tinabweza mochedwa. Loyambali sakulola kuti lichoke m'nyumba.

Lamlungu lapitali Agogo anamutchulanso dzina la malume ake. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze, koma iye anandigwira mkono.

"Eee, Agogo, ndine," anatero. "Mwadya chiyani lero?"